Kakapu ka Anaketulo

Pa ofesi pathu munthu sankafunsidwa kawiri kuti amamwa shuga wochuluka bwanji. Tsiku loyamba ntchito, Anaketulo ankaima pambali pa desiki yako, thireyi ili m'manja, n'kufunsa kuti, "Masupuni angati?" Ukayankha, basi, funso limenelo sudzalimvanso mpaka udzapume. Ankalisungira anthu obwera.

"Wofunsidwa shuga ndi mlendo," ankatero. "Wako sumufunsa. Umamudziwa."

Anaketulo anali mayi wophika tiyi pa kampani yathu yojambula mapulani a nyumba. Anagwirapo ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kuyambira bwana wathu adakali ndi tsitsi. Dzina lawo lenileni linali m'mafayilo, koma ngakhale mdzukulu wawo akabwera pageti ankangouza mlonda kuti akufuna Anaketulo. Anali afupi, onenepa m'chiuno, magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi. Mwendo wakumanzere ankaukoka pang'ono, choncho akamakwera masitepe makapu ankagundana pathireyi. Phokoso limenelo ndilo linali wotchi yathu: teni koloko m'mawa ndi 3 koloko masana.

Ufumu wawo unali kachipinda ka pansi pa masitepe. Munali sinki, shelefu imodzi, zenera loyang'ana poimika magalimoto, ndi ketulo ziwiri. Yamagetsi sankaikhulupirira, ankati imawiritsa madzi mopupuluma ngati mtsikana amene akudikiridwa panja. Kukhoma kunali misomali, msomali uliwonse ndi kapu yake, kapu iliyonse ndi mwini wake. Ukamwera ya mnzako ankakuyang'ana ngati wavala malaya a eni.

Sanapite patali ndi sukulu, koma makapu ankawawerenga kuposa mmene ife tinkawerengera makalata. Kapu ikabwerera yodzaza, ndiye kuti pali nkhani. Ankadziwa amene wakangana ndi mkazi wake, amene dzulo lake anagona ku mowa, ndi amene akusaka ntchito kwina mwakachetechete. Zonsezo zinkathera m'kachipindamo, sankatuluka nazo.

Pamsomali wakumapeto, pafupi ndi zenera, pankakhala kakapu koyera ka mzere wachikasu kukamwa kwake. Kameneko kanalibe mwini. Kankatsika pokhapokha mayi wina pa ofesipo akakhala ndi pakati, ndipo kankabwera ndi malamulo ake. Tiyi wam'menemo ankakhala wopepuka, masamba angosambamo n'kutuluka. Makapu awiri patsiku, osapitirira. Osamwa utangodya kumene, ndiponso osamwera mapiritsi owonjezera magazi aja amapereka kusikelo. Ofesi yonse inkakadziwa kakapuko. Kakangooneka pathireyi, adalaivala athu, amene sankasowa chonena, ankafuula kuti, "Katsika! Katsika! Wakolola ndani chaka chino?" Azimayi ankaseka n'kumati Anaketulo amadziwa mimba mwini mimbayo asanauze mwamuna wake.

Ine ndinafika pa ofesipo ngati mlembi wa bwana, pa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa. Tsiku londifunsa mafunso bwanayo ananena akuseka kuti, "Tikhulupirira simunabwere kudzatiberekera kuno." Nanenso ndinaseka, nanga munthu wofuna ntchito angatani? Ndinamva pambuyo pake kuti mlembi amene ndinalowa m'malo mwake anaoneka mimba kalata yomukhazikitsa isanatuluke, ndipo kalatayo sinatulukenso.

Mwezi wachinayi uli mkati, ndinazindikira kuti ndaima. Amuna anga anali atangowachotsa ntchito kumene ankagwira. Panatsala masabata asanu ndi anayi kuti kalata yanga isainidwe. Ndinagula madiresi awiri otaya n'kudziuza kuti masabata asanu ndi anayi si zaka, ndipirira.

Ndivomereze pano kuti tiyi ndinkamukonda mopanda manyazi. Ndinkamufuna wakuda bii, woti supuni n'kuima yokha. Makapu asanu patsiku kwa ine anali masewera. Mimba itabwera, chakudya chinayamba kundinyansa, mkaka ndiye ngakhale fungo lake, koma tiyi yekha ankakhazikika m'mimba. Ndiye ndinkangokhalira tiyi. Ndi tiyi yemweyo ndinkamezera mapiritsi akusikelo, nditabisa dzanja kuseri kwa kompyuta.

Tsiku lina nditapita kukasiya kapu, Anaketulo anatseka chitseko cha kachipinda kaja ndi phazi.

"Iwe, miyezi ingati?"

"Miyezi ya chiyani, amayi?"

"Usandiyese mwana. Mkaka wasiya masabata awiri apitawo. Ndipo timapiritsi tofiira tija ndimatidziwa. Miyezi ingati?"

Ndinakhala pa kampando kawo n'kuyamba kulira, ndikuwapempha kuti kakapu kasatsike. Ndinawauza za amuna anga, za kalata, za masabata amene atsala. Anandimvetsera akupukuta masupuni, imodziimodzi.

"Pakamwa panga sipatuluka mawu," anatero pomaliza. "Koma nawenso undimvere. Ndizikubweretsera m'kapu yako yomwe ija, anthu asadabwe. Koma tiyi wake ndi wanga, wopepuka, kawiri patsiku. Ukafuna china chotentha ndikupatsa madzi a ndimu. Mapiritsiwo uzimwera madzi, ndipo padzipita maola awiri usanakhudze tiyi. Wamva?"

"Koma amayi, tiyi n'kupha munthu?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsalu ya mbale, chinthu chimene sankalola munthu wina kuchita.

Anandiuza kuti anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Atakhala ndi pakati, nayenso chakudya chinkamukana, ndipo ankangofuna tiyi wa amayi ake. Iwo ankamuphikira ndi mtima wonse, wamphamvu, m'mawa, masana ndi madzulo, n'kumamuikira mapiritsi pambali pa kapu kuti asaiwale. Tsiku lochira anataya magazi ambiri, pamene m'thupi anali nawo kale ochepa. Khanda linatsala, iye anapita.

"Palibe anati tiyi ndiye anamupha," anatero. "Anamwino amodzi anangonena podutsa kuti tiyi ndi mapiritsi aja sizimwerana, tiyi amalanda mphamvu ya mankhwala. Anangonena podutsa, mwana wanga. Koma amene ankanyamula ketulo ndi ine."

Ndinalira nawo, n'kulonjeza. Lonjezo langa linakhala masiku anayi.

Tiyi wawo wopepukayo anali ngati madzi otsukira tipoti. Pofika masana mutu unkandiwawa ngati wina akukhomamo msomali. Ndinayamba kubwera ndi timatumba ta tiyi m'chikwama, n'kumapempha madzi otentha mufulasiki ya anyamata ojambula mapulani. Ndinkaviika tiwiri nthawi imodzi. Kusikelo anamwino anandikoka chikope, n'kundiyeza magazi, n'kupukusa mutu. Anati ndi ochepa, ndidye bwino, tiyi ndichepetse, mapiritsi ndisamwere tiyi. Ndinati mumtima mwanga, kodi anthu amenewa anapangana?

Anaketulo sanachedwe kugwira wakuba. Anapeza timatumbato m'bini ya pansi pa desiki yanga, anatitola, n'kudzatiyala pasinki ngati umboni kukhoti.

"Ukunamiza ine kapena ukunamiza amene ali m'mimbayo?"

"Thupi ndi langa, amayi."

"Thupi ndi lako, inde. Taonetsa maso." Anandikoka chikope ndi chala chawo chonunkhira sopo. "Mwayera ngati pepala. Ine maso oterewa ndinawaonapo kale, ndipo sindifuna kuwaonanso."

Ndinatuluka nditakwiya. Munthu akakuuza zoona pa chinthu chimene umachikonda, amanyansa kuposa wabodza.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti kalata isainidwe, kunabwera alendo asanu ndi mmodzi ofuna kuti tiwajambulire nyumba yosanjikiza. Bwana anavala jekete. Msonkhano unali m'chipinda chachikulu, ndipo ine ndinakhala kumapeto kwa tebulo kulemba zokambirana. M'mawa umenewo sindinadye kanthu, ndinali nditamwa kale makapu atatu a tiyi wanga wobisa uja. Cha m'ma leveni koloko zilembo zinayamba kuvina papepala. Ndinakumbuka kuti sindinamwe piritsi. Ndinalitulutsa pansi pa tebulo, n'kukokera tipoti ya alendo, n'kudzithirira kapu yodzaza, wakuda bii.

Sindinadziwe kuti Anaketulo aima kumbuyo kwanga ndi mbale ya mabisiketi. Ndinangoona dzanja likutsika paphewa panga n'kunyamula kapuyo, bwinobwino, osatayako ngakhale dontho. Anatuluka nayo. Palibe anasamala, mlendo wina anali pakati pofotokoza za makonde. Patapita mphindi ziwiri ndinamva mwendo uja ukukokedwa pakhonde. Analowa, n'kuika patsogolo panga madzi ofunda oti ndimwere piritsi.

Anali m'kakapu ka mzere wachikasu.

Ndinadziwa pambuyo pake kuti makapu onse anali patebulopo chifukwa cha alendo, yanga yomwe, ndipo pamisomali panatsala kameneko kokha. Koma nthawi imeneyo zimenezo ndikanazimva ndi makutu ati? Mnyamata wina wojambula anatsokomola. Wina anawerama n'kumaluma cholembera kuti asaseke. Alendo anayang'anayang'ana, osadziwa chimene chachititsa kuti anthu angoti zii. Bwana anatsitsa magalasi, anayang'ana kakapuko, kenako anayang'ana diresi yanga yotaya ija.

Mtima wanga unawira. Mayi amene ndinamulirira pamiyendo, amene anandilumbirira kuti pakamwa pake sipatuluka mawu, wandigulitsa pamaso pa ofesi yonse chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi! Pakamwa sanatsegule, n'zoona, koma kodi panafunikanso pakamwa? Akanangoimirira patebulo n'kuliza belu, zikanakhala chimodzimodzi. Ndinalemba zotsala za msonkhanowo, ndipo madziwo sindinawakhudze.

Alendo atapita, bwana anatiitana tonse awiri. Ine ndinaima pafupi ndi desiki, Anaketulo pafupi ndi chitseko, thireyi yopanda kanthu ataigwirira pamimba.

"Ine sindikonda kumva nkhani za pa ofesi yanga kuchokera ku makapu," anatero bwana, akundiyang'ana. "Kodi n'zoona?"

Ndikanatha kungoti ayi, n'kulekera pomwepo. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake sindinalekere pomwepo. Koma mkwiyo ndi mantha zikakumana m'kamwa mwa munthu, lilime limathamanga lokha.

"Ine ndilibe kanthu, bwana. Sindikudziwa chimene mayiwa akufuna pa ine. Masiku ano akungosokoneza makapu. Dzana anandipatsa tiyi wopanda masamba, madzi okhaokha. Anzanga akudandaulanso, kungoti amaopa kunena. Akalamba, bwana. Lero atichititsa manyazi pamaso pa alendo."

Palibe mnzanga anadandaulapo. Ndipo madzi okhaokhawo anali madzi a ndimu amene ankandikonzera ine.

Bwana anatembenukira kwa iwo. "Mayi, mwamva. Mukuti bwanji? Mtsikanayu ali ndi pakati kapena ayi?"

Anaketulo anandiyang'ana. Sanandiyang'ane mokwiya, bola akanatero. Anandiyang'ana mmene ankayang'anira kapu yobwerera yodzaza, kufuna kumvetsa chimene chachitika. Akanangonena mawu atatu okha, ine ndikanatuluka pageti tsiku lomwelo. Akanatha kutchula mapiritsi amene anali m'chikwama changa, pamtunda wa mkono umodzi kuchokera pamene bwana anakhala.

"Ndalakwitsa ndine, bwana," anatero. "Maso atha awa. Mwanayu alibe kanthu."

Bwana anapumira m'mwamba. Anati anakhala akuganiza kwa nthawi yaitali zogula makina oti aliyense azidzipangira yekha tiyi, ndipo mwina nthawi yakwana yoti mayi akapume. Anawathokoza chifukwa cha zaka zonsezo. Anati mwezi ukatha, basi.

Mlembi wa bwana ndinali ine, ndiye makalata onse awiri ndinalemba ndine, masana amodzi. Yoyamba inali yondikhazikitsa pantchito. Yachiwiri inali yawo. Apo m'pamene ndinaona koyamba dzina lawo lenileni, ndipo ndinachita kufunsa m'fayilo kalembedwe kake.

Musaganize kuti ndinagwa pansi n'kulapa. Ayi ndithu. Ndinkayenda khosi lili gwa, ndikudziuza kuti anayamba ndi iwo. Ndani anawatuma kundilanda kapu? Ndani anawapanga kukhala namwino wanga? Mwana wawo anamwalira, pepani, koma kodi ine ndinali mwana wawo? Ndinkabwereza zimenezi m'basi popita ndi pobwera, ndipo ndikafika kunyumba n'kuwauza amuna anga, iwo ankangoyang'ana pansi.

Masabata atatu otsalawo Anaketulo sanasinthe kalikonse. Teni koloko makapu ankalira pamasitepe. Ankaika padesiki panga kapu yanga ya masiku onse, tiyi wopepuka, masupuni awiri a shuga. Pofika thwelofu ankabwera ndi tambula ya madzi, n'kuiika pafupi ndi chikwama changa, n'kuima mpaka nditameza piritsi. Sitinkalankhulana. Timatumba tija ndinasiya kubwera nato, sindikudziwa ngati chinali chikumbumtima kapena manyazi chabe. Tsiku lawo lomaliza anatsuka makapu onse, anawapachika uliwonse pamsomali wake, anatsanzika aliyense pomugwira dzanja. Atafika pa ine anati, "Uzidya, iwe," n'kudutsa.

Makina anabwera sabata yotsatira, a mabatani ndi timakapu tapepala. Tiyi wake ankamveka ngati wasungidwa m'chitini cha penti. Patapita mwezi mimba inakana kubisika. Bwana anafiira maso, koma siginecha yake inali kale papepala, ndipo anangomenya chitseko. Anzanga sanandifunse kanthu. Anawerengera okha miyezi chobwerera m'mbuyo, monga anthu amachitira. Adalaivala aja, amene ankaseka ndi aliyense, anayamba kundipatsa moni wa mawu awiri. Tsiku lina ndinawapeza aima m'kachipinda ka pansi pa masitepe akuyang'ana kakapu kaja pamsomali.

"Kameneka sikananamepo chiyambire," anatero, osanditembenukira.

Ndinachira bwino, mwana wamkazi. Magazi anali atakwerako, ndipo anamwino anandiyamikira kuti ndine mayi womvera malangizo. Ndinalandira kuyamikirako ngati munthu wolandira mphatso ya eni.

Mwana atakwana miyezi itatu ndinapita ku ofesi, ndinatsitsa kakapuko pamsomali, n'kukakulunga m'thewera loyera. Adalaivala anandilongosolera njira monyinyirika. Ndinakwera mabasi awiri, mawu opepesa ndikuwayeseza njira yonse.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, pakhonde pali maluwa obzala m'zitini. Ndinawapeza akuchapa yunifolomu ya sukulu ya mdzukulu wawo, mwana wa malemu uja. Atandiona anaimirira, anapukuta manja, n'kundilandira chikwama.

"Lowani, amayi. Khalani apa, pampando wabwinowu."

Chiyambire sanandiitanepo kuti amayi. Ndinali iwe, ndinali mwana wanga.

Anatenga khandalo, analifunyulula, anayang'ana zikhatho zake ndi m'kamwa mwake. Nkhope yawo inafewa. "Ali ndi magazi mwanayu," anatero. "Mulungu ndi wabwino." Analiyangata kanthawi akuliimbira motsitsa, kenako anandibwezera. Anafunsa za bambo ake a mwana, ngati anapeza ntchito. Anafunsa ngati mwendo wa tebulo la m'chipinda chachikulu unakonzedwa. Ine ndikati ndiyambe mawu anga aja, iwo ankafunsa china, mwaulemu.

"Dikirani ndikuphikireni tiyi," anatero. "Woyamwitsa amamva ludzu."

Ndinamva ketulo ikulira kuseri. Ndinalowetsa dzanja m'chikwama n'kugwira thewera lija, kakapu kali mkati. Ndinaganiza kuti akabwera ndikatulutsa, ndigwada, ndinena zonse, andikalipire mmene angafunire. Ndinkalakalaka atandikalipira.

Anabwera ndi thireyi, mwendo akuukoka, makapu akugundana monga kale. Anali makapu a maluwa, aja amakhala m'kabati kudikira anthu obwera. Anathira tiyi wopepuka, anatsegula chitini cha shuga, ananyamula supuni. Kenako anandiyang'ana kudzera m'magalasi omanga ndi ulusi aja.

"Masupuni angati?"

Dzanja langa linasiya thewera lija m'chikwama momwemo.

"Awiri," ndinatero.

Anathira awiri, anatakasa, n'kundipatsa ndi manja awiri.